Kamwala ka a Fumbi

Ntchito yanga ndi yopukuta. Anthu akandifunsa kumowa ndimati ndimagwira za nyenyezi, ndipo si bodza kwenikweni, koma zoona zake n'zakuti ndimapukuta. Pamwamba pa phiri pali nyumba yozungulira ya makina oonera nyenyezi. M'munsi mwake muli maofesi a anthu ophunzira. Pansi pa maofesiwo, ukatsika masitepe khumi ndi asanu ndi awiri, pali chipinda chopanda zenera momwe mumagona magalasi zikwi makumi anayi. Ine ndi wa mmenemo. Sukulu ndinalekezera pomwe masamu anayamba kulowetsamo zilembo.

Kale, kompyuta isanabwere, thambo ankalijambula pa galasi. Galasi lililonse n'lalikulu ngati thireyi ya tiyi, mbali imodzi yopakidwa mankhwala, ina yoterera. Ukaliika pa nyali, zonse zili mozondoka. Thambo n'loyera, nyenyezi n'zakuda, ngati zenera lomwe ntchentche zachitirapo msonkhano. Galasi lililonse lili ndi nambala yake, envulopu yake ndi malo ake pa shelefu.

Amene anandilowetsa ntchitoyi ndi apongozi anga, bambo a mkazi wanga. Iwo ankakhala pa makina ophethira. Umaika magalasi awiri ojambula malo amodzi a thambo, lina lojambulidwa Lolemba, lina Lachinayi, ndipo makinawo amakuonetsa ili, ilo, ili, ilo, mofulumira. Nyenyezi sizisuntha. Koma kadontho kena kakamadumphadumpha, ndiye kuti si nyenyezi. Ndi mwala, umodzi mwa miyala yambirimbiri yomwe imazungulira dzuwa pakati pa pulaneti yofiira ija ndi Jupita, itandandalika ngati lamba.

Apongozi anali ndi kachitidwe kawo. Akaona kadontho, ankatembenuza galasi, n'kukazunguliza ndi inki kumbali yoterera. Mzere wawo sunkatsekeka bwino, unkatsala ndi kamchira ngati mbewa. Ndipo nthawi iliyonse akatulutsa galasi n'kuliyang'ananso, ankalemba manambala awiri a chaka m'mphepete, kuti asabwereze ntchito pachabe. Miyala yomwe anaona inali yambiri, koma yonse inali yodziwika kale kapena inapita m'dzina la mabwana. Wawowawo analibe.

Lachisanu lina, zaka 34 zapitazo, anaupeza. Ine ndinali nditangokwatira mwana wawo, ndili ndi milungu itatu pa ntchito, ndikufuna kuoneka munthu wakhama. Iwo anakwera masitepe kukafuna bwana wamkulu, n'kupeza kuti wachoka, abwera Lolemba. Anapita kunyumba mtima uli m'mwamba. Ine ndinatsala ndikusesa. Ndinaona magalasi awiri pa tebulo atadetsedwa ndi inki, ndinatenga kansalu ndi sipiriti, n'kuwapukuta mpaka anawala ngati a m'sitolo. Nditamaliza ndi pomwe ndinaona kope lawo lili chotsegula, atalembamo ndi zilembo zazikulu kuti, "Watsopano."

Munthu wanzeru akanapita kukagwada. Magalasiwo anali abwinobwino, iwo akanangowaikanso pa makina n'kukapeza kadontho kawo pasanathe ola. Koma ine nthawi imeneyo ndinali wochenjera, osati wanzeru. Ndinaganiza kuti magalasi akasowa, anthu adzati atenga ndi ophunzira a pamwamba. Ndinawalowetsa mu envulopu ya magalasi owonongeka, pa shelefu yomaliza, mzere wapansi, pafupi ndi paipi yomwe imadontha.

Lolemba apongozi anatsika ndi bwana ndi anthu ena atatu. Pa tebulo panalibe kanthu. Anafufuza mpaka thukuta linadutsa jekete. Bwana anafunsa kuti kanthuko kanali kakakulu bwanji, iwo n'kuyankha kuti, "Kakang'ono, bwana, ngati fumbi." Anthu anaseka. Amene anayamba kuwatchula kuti a Fumbi pa tiyi tsiku lomwelo ndi ine. Ndinkadziwa kuti anthu akamaseka safufuza.

Dzinalo linawamatirira mpaka kumanda. Alonda, ophika, ngakhale ana a sukulu obwera kudzaona makina ankati a Fumbi. Iwo ankangoyankha. Nthawi ya nkhomaliro ankatsala m'chipindamo kusolola maenvulopu imodziimodzi. Nthawi zina ankandiyang'ana pamwamba pa mandala awo n'kunena kuti, "Akamwini, galasi silithawa. Limakhala pomwe munthu analiika." Ine ndinkati zoona, bambo, n'kupita kukasesa kwina. Anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ali pa mpando kunyumba, nsapato atavala.

Chaka chino kunabwera lamulo lakuti magalasi onse ajambulidwe, alowe mu kompyuta, kenako asamutsidwe. Makina ojambulirawo sasiyanitsa inki ndi nyenyezi, choncho galasi lililonse liyenera kupukutidwa kaye. Ngati pali zolemba, timazijambula ndi kamera kuti zisungidwe, kenako ine ndi kansalu kanga. Tangoganizani. Mlandu womwe ndinapalamula ndili mnyamata, pano ndi ntchito yomwe anandipatsira magolovesi. Magalasi owonongeka a mzere wapansi anati aja sajambulidwa, lole idzawatenga Lachisanu kukawataya. Kunena zoona, Lachisanu limenelo ndinkalidikira ngati tchuthi.

Lolemba la mlungu womwewo anatsika Adokotala. Si a chipatala, ndi a nyenyezi, mayi wamng'ono thupi amene amayenda ngati wachedwa basi. Ananyamula pepala.

"Achimwene, ndili ndi kamwala," anatero. "Kakang'ono, makilomita awiri kapena atatu. Kompyuta yanga inakagwira chaka chatha, koma njira yake sitikuidziwa bwino. Kakhoza kutitayika."

"Mwala umatayika bwanji kumwamba kopanda tchire?"

"Umatayika. Koma ndawerengera chobwerera. Zaka 34 zapitazo kanayenera kudutsa pamalo ena pomwe makina athu anajambula kawiri mlungu umodzi. Kaundula akuti magalasi ake ndi awa." Anandionetsa manambala awiri. Ndinawadziwa ngati mmene munthu amadziwira dzino lake lobowoka. "Maenvulopu ake alibe kanthu. Atapezeka, njira ya kamwalaka idzadziwika, kadzapatsidwa nambala, ndipo ine ndidzakhala ndi ufulu wopempha dzina. Ndamva nkhani ya apongozi anu. Ndikuganiza kuti sanaone fumbi."

Ndinati ndiyesetsa, nkhope ndili nayo ya kumaliro.

Vuto la Adokotala n'lakuti madiresi awo amasoketsa kwa mkazi wanga, amene ali ndi kashopu ka utelala kumsika. Ndikufika kunyumba madzulo, ndinapeza nkhani itandidutsa kale panjira. Mkazi wanga anali atakhala pa mpando wa bambo ake uja, womwe sakhalapo munthu.

"Abambo a ana, mwamva za ababa?"

"Ndamva, mayi. Koma musayembekezere kwambiri. Magalasi zikwi makumi anayi si mabatani a m'chitini chanu."

"Inu mwakhala mmenemo zaka 34. Ngakhale mphemvu za mmenemo zimakupatsani moni."

"Mphemvu sizidziwa manambala."

Sanaseke. Mkazi wanga amaseka nthabwala zanga ngakhale zobwereza, ndiye chifukwa chake ndinamukwatira, koma tsiku limenelo sanaseke. Anati, "Pa maliro a ababa, bwana wanu ankawerenga mbiri yawo, anafika pa dzina n'kuima, kufunafuna pa pepala. Dzina lawo lenileni sankalidziwa. Ine ndinamva anthu kumbuyo akumunong'oneza kuti a Fumbi. Ndikufuna dzina la ababa lilembedwe pamalo pomwe munthu sangaliseke. Mundipezere magalasi amenewo."

Ndiye munthu wochenjera uja anadzukanso mwa ine. Ndinaona kuti njira ilipo, yosalala bwino. Ndingodikira mpaka Lachinayi, ndiyende ndi fumbi m'tsitsi kuti ndioneke wovutika, kenako ndiwatulutse n'kunena kuti mwayi. Magalasi oyera opanda cholemba sanena za munthu. Apongozi apeza dzina, mkazi wanga apeza mtendere, ine ndikhala ngwazi. Aliyense apindula, wina osalira.

Lachinayi masana, anzanga atakwera kukadya, ndinatsala ndekha. Chipinda chimene chija masana ndi usiku n'chimodzimodzi. Nyali zake n'zazitali zija zolira ngati udzudzu, ndipo mpweya wake umanunkha mapepala akale ndi chitsulo chonyowa. Ndinayenda mpaka shelefu yomaliza. Mzere umenewo ndinali ndisanaupondeko zaka zonsezi, ndikasesa ndinkatembenukira pa shelefu yachiwiri kwa yomaliza. Paipi ija inali ikudonthabe mu chidebe. Sindikudziwa amene ankakhuthula chidebecho, chifukwa si ine.

Ndinagwada. Fumbi pa maenvulopu linali lochindikala ngati bulangete, losakhudzidwa ndi chala. Ndinawerenga kuchokera ku khoma, yachisanu ndi chinayi. Inali yolemera kuposa zinzake, chifukwa munali magalasi atatu m'malo mwa limodzi. Ndinasolola awiri anga, n'kupita nawo pa tebulo la nyali.

Pa galasi loyamba panali mzere wa inki wozungulira, wosatsekeka bwino, wa kamchira ngati mbewa. Pa lachiwiri chimodzimodzi.

Ndinakhala pansi. Ine ndi amene ndinapukuta magalasi amenewo, ndipo ngati pali chinthu chomwe ndimachidziwa pa dziko lino ndi kupukuta. Ndinayang'ana m'mphepete. Munali manambala a zaka, ang'onoang'ono, oimirira bwino ngati asilikali, m'kalembedwe ka apongozi. Choyamba chinali chaka chotsatira chija cha mlandu, chomwe mwana wathu woyamba anabadwa. Kenako chotsatira, ndi chotsatira. Chaka chomwe tinamanga nyumba chinalipo. Chaka chomwe anadwala shuga chinalipo. Chaka chomwe anapuma ntchito chinalipo, ndi zina zonse za pambuyo pake, pomwe ankabwera kamodzikamodzi kuti akudzaona anzawo.

Ndiye kuti anawapeza pasanathe chaka. Anawapeza pamalo pomwe wophunzira sangagwade, pomwe amafikapo ndi wa tsache yekha. Anazungulizanso kadontho kawo, n'kuwabwezera momwemo. Akanakwera nawo kwa bwana, funso loyamba likanakhala lakuti anawabisa ndani, ndipo mwamuna wa mwana wawo, mwanayo ali ndi khanda kumsana, akanachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Anasankha kukhala a Fumbi. Chaka chilichonse ankabwera kudzaona ngati mkamwini wawatulutsa, n'kupeza ayi, n'kulemba chaka.

Ndinatsata manambalawo ndi chala mpaka chaka chomwe tinawaika m'manda. Ndinkayembekeza kuti athera pamenepo. Sanathere. Panali ena asanu ndi limodzi, m'kalembedwe komweko, seveni wake wa kamtanda pakati, ndipo omaliza anali a chaka chino.

Ndinakhudza omalizawo ndi chala chachikulu. Inki inandimatirira.

Sindinathawe. Ndinangomva dontho likugwa mu chidebe kumapeto kuja, ndi nyali zikulira. Kumbuyo kwanga kunali makina ophethira aja, omwe tinawaphimba ndi nsalu kalekale. Ali ndi kachitsulo komwe kamalira kuti tcha, tcha, kakamasintha magalasi. Sindinena kuti ndinakamva. Ndingonena kuti sindinatembenuke, ndipo mpaka lero sindinong'oneza bondo kuti sindinatembenuke.

Botolo la sipiriti linali pomwepo, kansalu kali m'thumba. Mphindi ziwiri zikanakwana. Ndinatsegula botolo, ndinanyowetsa kansalu, dzanja linafika pamwamba pa galasi. Kenako ndinaganiza kuti munthu amene wabwera kasanu ndi kamodzi atamwalira, sangalephere kubwera kachisanu ndi chiwiri. Ndipo akapeza magalasi palibe, adzafuna pena polemba.

Musandiyese wolapa kwambiri. Manyazi analipo, koma amene anatseka botolo ndi mantha.

Ndinakulunga magalasi aja mu thaulo, n'kukwera nawo kwa Adokotala. Anawaika pa nyali, anayeza ndi kagalasi kokuzira, anayang'ana pa kompyuta, anayezanso. Anati, "Ndi komweka. Kali pomwe kanayenera kukhala, mkati mwa mzere wawo ndendende." Kenako anaona manambala a m'mphepete, anawerenga, n'kundiyang'ana.

"Achimwene, apongozi anu anamwalira liti?"

"Funso limenelo, Adokotala, lisiyeni kaye. Ndibwerekeni magalasiwa ola limodzi. Pali wina ayenera kuwaona asanapukutidwe."

"Mukawaswa ndikuphani."

"Mukhala pa mzere. Alipo ena patsogolo panu."

Ndinatsika phiri wapansi, magalasi ndili nawo pachifuwa ngati khanda. Mkazi wanga ndinamupeza ali pa makina, mapini kukamwa, akupinda siketi ya mayi wina. Atandiona anauza kasitomalayo kuti abwere mawa. Ndinafunyulula thaulo, n'kuimika galasi pa zenera kuti dzuwa lidutsemo.

Anazindikira kamchira kaja ndisananene kanthu. Analavulira mapini m'dzanja.

"Munawapeza kuti?"

"Pomwe ndinawaika."

Ndinamuuza zonse. Za kansalu, za envulopu, za paipi. Ndinamuuzanso amene anayambitsa dzina la a Fumbi, ngakhale kuti zimenezo galasi silikananena. Pakamwa pakatseguka sipadziwa polekezera. Iye ankangoyang'ana manambala aja, akuwatsata ndi nsonga ya sizasi osakhudza.

"Chaka ichi anatigulira malata," anatero. "Ichi anakunyamulani kupita nanu kuchipatala mutathyoka mwendo. Ankadya nanu mbale imodzi, akudziwa."

"Ankadziwa, mayi."

"Ndipo inu munkawaseka."

"Ndinkawaseka."

Sizasi inafika pa asanu ndi limodzi omaliza, n'kuima. Ndinadikira kuti afunse. Sanafunse. Kunja anthu ankakangana mitengo ya nsapato. Kenako anati, "Botolo lawo la inki ndi cholembera tinaziika m'thumba la jekete yomwe anapita nayo. Ndinaziikamo ndine."

Anakulunganso magalasiwo yekha, bwinobwino, kuposa mmene ndinachitira ine, n'kundipatsa.

"Kaperekeni. Dzina likalembedwe lonse, losadula, monga lilili pa chiphaso chawo. Inuyo muzigona kuchipinda cha ana."

"Mpaka liti, mayi?"

"Ndidzakuyankhulani mwala wa ababa ukadzabweranso."

Ndinafunsa Adokotala kuti kamwalako kamabwera liti. Anati kuzungulira dzuwa kamatenga zaka zinayi ndi miyezi, koma kuonekera bwino kuchokera kuno kamaonekera pakatha chaka ndi miyezi itatu kapena inayi. Ndinawapempha kuti akapita kukasoketsa, atchule za chaka ndi miyezi zokhazo. Anati aona. Nawonso masiku ano moni wawo ndi wapakamwa chabe.

Tinajambula zolemba za apongozi ndi kamera, monga mwa lamulo. Kenako magalasi anayenera kupukutidwa, ndipo wopukuta pamalo pano ndi mmodzi. Ndinawapukuta kachiwiri, Adokotala ataima pambali. Manambala akale anavuta, inki itauma zaka zambiri. Asanu ndi limodzi aja anachoka ndi kukhudza kumodzi. Lachisanu lole inabwera n'kutenga mzere wapansi, ndipo paipi ija anaimanga. Chidebe ndinachipeza chili chouma, atachivundikira bwino pakona. Ndinafunsa anzanga onse, palibe anavomera.

Patatha miyezi isanu, kamwala kanapatsidwa nambala, ndipo dzina lomwe Adokotala anapempha linavomerezedwa. Anasindikiza pepala, mizere inayi yokha, yonena kuti munthuyu anagwira ntchito pa makina ophethira zaka zambiri ndipo anali woyamba kukaona. Mkazi wanga analiika mu felemu pamwamba pa mpando uja. Mlonda wina atanena kuti a Fumbi pa geti, ndinamukonza ine, mokweza, mpaka anadabwa.

Kuchipinda cha ana bedi ndi lalifupi, mapazi amatulukira kunja. Chakudya ndimachipeza pa tebulo chovundikira, malaya ochapa, koma mawu ayi. Kwatsala miyezi isanu ndi iwiri, ngati Adokotala anandichitira chifundo.

Inki ya pa chala ija inachoka ndi sopo, kupatula kadontho kamodzi, kakang'ono ngati fumbi. Ndayesa sipiriti, ndayesa mwala wotsukira mapazi. Sikapweteka. Poyamba kanali pafupi ndi chikhadabo. Ndinakazunguliza ndi bolopeni kuti nditsimikize, ndipo patatha mlungu kanali katatuluka mu mzerewo. Pano kadutsa mfundo yoyamba, kakulowera kuseri kwa chala, pang'onopang'ono, mbali imodzi yokhayokha. Ndikuona ngati kakuzungulira. Sindinauze munthu, koma m'mawa uliwonse ndimakayang'ana, n'kuyerekeza ndi masiku omwe atsala kuti mwala wa apongozi ubwerenso, ndipo mpaka pano masamu ake akugwirizana.